Chigayo Changa Chaima ku Msongwe

Achemwali anga a Mabel,

Pepani kuti ndakutumizirani mapepala ochuluka chonchi nthawi yogalauza, pamene muli ndi zanu zokukwanirani. Pepaninso inu aphunzitsi a Herbert, pakuti ndikudziwa kuti ndinu muwawerengere achemwali. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Izi sindinalembe kuti munthu aone, ndinkangofuna kuti ndisasokoneze za mankhwala. Koma tsopano ndili ndi pempho, ndipo simungalimvetse mukapanda kumva kuyambira pachiyambi. Chonde musadumphe.

Ndine mlongo wanu, Yona Kadzamira.

Lachiwiri, 3 Seputembala 1974

Andigoneka. Adokotala aona chithunzi cha pachifuwa ndi makhololo, ati ndi chifuwa chachikulu, mbali ya kumanja. Pasikelo mapaundi 104. Jekeseni m'mawa uliwonse, dzina lake sitireputomaisini, ndapempha asisitala a Hilda anditchulire kawiri kuti ndilembe bwino. Piritsi limodzi lalikulu madzulo. Ati miyezi iwiri muno, ndikatuluka mapiritsi okhaokha chaka ndi kupitirira.

Bedi langa lili pazenera. Kunyumba ndasiya chigayo chikuzungulira.

Lachinayi, 5 Seputembala

Jekeseni kumanzere. Dzulo kunali kumanja. Thukuta lachepa pang'ono.

Pabedi loyandikana nane pali a Zebedee Longwe, msodzi wa ku Chintheche, atha kale mwezi muno. Pakamwa pawo sipapuma ngati wailesi. Lero andiyamba.

"Ada, mukungoti maso kumapiri. Mwasiya mkazi wamng'ono kumeneko?"

Ndati ayi, mai a kunyumba a Selina anatisiya kale, chimene ndasiya ndi chigayo.

"Chigayo! Anyamata, tagona ndi bwana muno! Chimagaya chimanga kapena chinangwa?"

"Miyala."

Wodi yonse yaseka mpaka kutsokomola. Ndafotokoza bwinobwino. Kuseri kwa nyumba yanga ku Msongwe kumadutsa kamtsinje kochokera cha ku Kaning'ina. Ndinapatutsa kangalande, ndinaimika gudumu la njinga, ndipo m'mbali mwake ndinamangirira zitini za mkaka. Madzi akagwera m'zitinimo gudumu limazungulira, ndiye lamba wa chubu amatembenuza chitini cha penti chimene ndinayala mphira mkati. M'chitinimo ndimaika miyala, madzi, ndi mchenga wakuda wonolera mavavu a injini umene amakaniko amatsala nawo ku galaja kumene ndimasunga sitolo. Woyamba ndi mchenga waukali, kenako wapakati, kenako wosalala, pomaliza ufa woyera. Anandiphunzitsa ndi mzungu woyeza misewu amene ndinayenda naye ku Mzimba, ndipo botolo la ufa woyera anandisiyira ndi iyeyo popita kwawo.

"Ikasalala mumagulitsa?"

"Ayi."

"Mumadya?"

"Ayi."

"Nanga mumatani nayo?"

"Ndimaiyang'ana."

A Zebedee ati, "Ada, uzani adokotala. Matenda anu si chifuwa chokha."

Loweruka, 7 Seputembala

Alendo salowa muno, amaima panja pazenera. Kwabwera a Martha NyaGondwe, akazi a aneba anga, ndi nthochi. Ndawapempha zinthu zitatu: azichotsa masamba pangalande m'mawa, lamba akavuka azibwezera, ndipo chitini chisaime kapena kutsegulidwa. Ndawauza kuti matope a m'chitinimo akauma amagwira ngati simenti, makamaka m'ming'alu ya miyala. Ati, "Yewo adada, tapulika," ndiye kuti tamva m'Chitumbuka. Ndabwerezanso. Aseka, ati tapulika chomene. Koma nthawi yonseyo anali atagwira nsalu pamphuno ndipo anaima patali, sindikudziwa ngati zonse zinawafika.

Miyala imene ili m'chitini ndi ya ku Mzimba, yofiirira ngati mkati mwa gwafa, ndi inayi yamtundu wa maluwa a mbatata. Ndinayamba nayo mu Juni. Ili pa mchenga wosalala, kwatsala ufa woyera basi. Sindinakhalepo ndi yabwino chonchi.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Mutu. Nseru. Phala ndasiya theka.

Lachitatu, 11 Seputembala

Chimodzimodzi.

Lamulungu, 15 Seputembala

Lamulungu ndi tsiku lovuta. Mazenera onse amadzaza anthu. Kwa a Zebedee kwabwera akazi awo, alamu awo ndi apongozi, atanyamula kondowole ndi nsomba ya batala yootcha. Amalankhula Chitonga onse nthawi imodzi. Pazenera langa panaima mbuzi.

A Zebedee andigawira. Ndati ndakhuta. "Mwakhuta chiyani, miyala? Idyani, ada, kondowole amamata mapapo." Ndadya. Amamatadi m'kamwa.

Madzulo kwabwera a Boniface Nyirenda, mkulu wa mpingo wathu. Apemphera pazenera. Afunsa za Percy, mwana wanga. Ndati akadali ku Joni, kalata yomaliza inali ya Khirisimasi.

Lachisanu, 20 Seputembala

Pasikelo 106. Kutsokomola kwachepa, magazi asiya. Matako onse awiri alimba ngati thabwa, asisitala a Hilda ati ndiziikapo nsalu yofunda. Ndawafunsa ngati singano yanga amaiwiritsa payokha. Ati, "A Kadzamira, funso limeneli ndi lachinayi sabata ino." Ndapepesa. Si kuti ndikuwakayikira. Kwanga ngakhale supuni ya mchenga waukali sindiilola kukhudza ya mchenga wosalala, chifukwa kanjere kamodzi kokha kamakanda miyala yonse.

NyaGondwe anadutsa popita kumsika. Chigayo chikuyenda. Madzi achepa koma akukwana. Ndagona bwino masana.

Lachinayi, 26 Seputembala

M'khutu la kumanzere mukulira ngati nyenje. Sindinauze munthu.

Lolemba, 30 Seputembala

Ndagwa popita kubafa. Pansi panapendekeka ngati bwato, ndiye ndinangopezeka ndakhala. Sindinavulale. A Zebedee aitana asisitala, ndipo ndakakamizika kunena za nyenje ija.

Adokotala anaika wotchi yawo pakhutu langa. Kumanja ndinamva, kumanzere ayi. Anandiyendetsa pamzere wa simenti nditatsinzina, ndinakathera pabedi la munthu wina. Ati ndi jekeseni, anthu ena imawatero, makamaka akulirapo. Achepetsa mlingo wake. Ndafunsa ngati khutu lidzabwerera. Ati tiona.

Lachitatu, 2 Okutobala

Ndikuganiza za makutu. Anthu amayesa kuti kusalaza miyala ndi ntchito ya maso, koma chitini chimakhala chotseka. Umamva ndi khutu. Madzi akakhala okwana, miyala imalira waa, waa, ngati nyemba zikutsukidwa m'beseni. Ikayamba gogogo ndiye kuti ikumenyana, ikhoza kusweka, uyenera kuwonjezera timiyala ting'onoting'ono. Ikangoti phwatha phwatha ndiye kuti matope akhuthala. M'mawa ndisanapite ku galaja ndinkaima pakhomo ndi kapu ya tiyi, ndipo ndinkadziwa zonse ndisanafike kumtsinje.

Ndawauza a Zebedee. Sanaseke. Ati nawonso usipa amaumva pamadzi usanaoneke.

Loweruka, 5 Okutobala

NyaGondwe sanabwere.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Nyenje yayamba kumanjanso. Jekeseni aimitsa, andisinthira ku mapiritsi oyera aang'ono owonjezera pa lalikulu lija. Pasikelo 109. Wailesi ya m'wodi ndikumva ng'oma zokha, mawu a wolengeza akundithawa. A Zebedee tsopano amandilankhula mokuwa ngati ali pabwato lina.

"ADA! MWAGONA ULI?"

"Ndikumva, musakuwe."

"NDATI MWAGONA ULI!"

Amachita dala. Ndimawasiya, chifukwa akasiya palibe wina.

Loweruka, 12 Okutobala

NyaGondwe sanabwerenso. Kunja kwatentha. Mwina kamtsinje kaphwa. Mwina lamba waduka ndipo akuchita manyazi. Mwina adwala. Ndafunsa mlendo wa munthu wina amene amakhala cha ku Msongwe, wati kumeneko kunali maliro koma sakudziwa a ndani.

Nsima sinalowe.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndilemba zonse monga zachitikira.

NyaGondwe abwera atavala duku lakuda. Apongozi awo aakazi anamwalira kumayambiriro kwa mwezi. Ndawapepesa. Anthu anagona pamaliro panyumba pawo, ndipo nyumba yawo ndi yanga zimangosiyana ndi mpanda wa nkhadze. Ati pamene nyimbo zinkaduka, chigayo chinkamveka kumtsinje, kolokoto kolokoto. Akuluakulu anafunsa kuti ndani akugwira ntchito pa nyifwa. Kuno maliro amati nyifwa, ndipo mwambo wake ndi monga kwathu: mtembo uli m'nyumba palibe wogwira khasu kapena munsi. Amuna a NyaGondwe anati chimenecho si munthu, ndi madzi. Akuluakulu anati ngakhale madzi akhale ndi ulemu. Ndiye anavula lamba.

Mpaka pamenepo palibe cholakwa. Inenso ndikanakhalapo ndikanavula.

Koma atamaliza za maliro, lamba anakana kubwerera. Chitini chinakhala padzuwa, chinatupa. NyaGondwe anaopa kuti chiphulika, anatsegula, anamva madzi akununkha.

"Ndinati miyala ya adada ivunda. Ndinakhetsa madzi onse, n'kuyanika pamphasa monga timachitira ndi mphale. Yauma makora, bwinobwino, adada, onani."

Anandipatsira pazenera kamtolo ka nsalu. Ndamasula. Ndi zibuma zotuwa, zina zomatana zitatu zinayi. Mtundu wa gwafa uja sukuoneka n'komwe. Ndakanda ndi chikhadabo, sizikuchoka.

Iwo anali akumwetulira, akudikira. Anayenda ulendo wonsewo ndi duku lakuda kudzandipatsa miyala yanga. Ndati, "Yewo chomene, amama. Mwagwira ntchito." Ati palibe kanthu, ndife anansi.

Atapita ndafunda bulangete kumutu.

Lamulungu, 20 Okutobala

Sindinadzuke.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndinayamba kutokosa ming'alu ndi phini. Asisitala a Hilda anandipeza. Ati fumbi m'wodi ya anthu a chifuwa, kodi ndapenga? Anena zoona. Andipatsa chibekete chakale, ati ndiziviika m'madzi pakhonde ndipo ndizitokosa zili zonyowa.

A Zebedee abwera ndi phini yawo. Zala zawo ndi zozolowera kusoka ukonde, amafulumira kuposa ine. Pamwamba matope akuchoka, koma m'ming'alu atsala mizere yotuwa. Imeneyo sichoka ndi phini. Miyala iyenera kubwerera ku mchenga waukali kuti idyeke mpaka pansi pa mizereyo, ndiye kuyambiranso zonse. Idzachepa, koma siinafe.

"Ndiye mudzayambiranso?"

"Ndikatuluka."

"Ada, inu mukanakhala msodzi mukanafa ndi njala, koma ukonde wanu ukanakhala wokongola."

Lachitatu, 23 Okutobala

Kwabwera a Boniface. Anandilankhula kukhutu la kumanja. Ati akuluakulu a mpingo anakhala pansi za ine. Munthu wodwala sakhala yekha, ndiponso munthu sadwalira pachilendo. Mkhristu wina ali ndi lole yopita ku Blantyre Lachisanu pa 15 Novembala, idzadutsa ku Ntcheu, wavomera kunditenga ndi katundu wanga mpaka pamsewu wa kwathu. Nyumba apezera kale mphunzitsi wina woti alowemo.

Ndati ndakhala ku Mzuzu kuno kuyambira nthawi ya minda ya mitengo yamafuta ija ya tang'i, zaka zoposa makumi awiri. A Selina agona kuno. Chilendo chake n'chiti?

Ati, "A Kadzamira, kale tinkati mwina chigayo chanu chija n'chimene chikukusungani. Pano tamva kuti chinaima. Chatsala n'chiyani?"

Sananene mwachipongwe. Ndi munthu wabwino. Ndinasowa choyankha chifukwa pazenera panali anthu.

Achemwali, inu mukudziwa kwathu. Madzi timatunga pachitsime cha kudambo, ndipo Okutobala akafika timachita kupala ndi chipande. Kulibe madzi oyenda oti angatembenuze ngakhale gudumu la chidole. Ndikapita kumeneko ndikakhala pakhonde, wosamva, anthu akundilambalala ndi mbale yangayanga.

Lachisanu, 25 Okutobala

Makhololo atuluka bwino kachiwiri. Pasikelo 113. Adokotala ati pakati pa Novembala ndikhoza kutuluka, ndipo sindingapatsirenso munthu malinga ndikumwa mapiritsi osadumphitsa. Ndawafunsa ngati ndingakhale ku Msongwe. Afunsa amene ndimakhala naye. Ndati ndekha. Apukusa mutu. Ati ndi chizungulire chimenechi sindingatunge madzi, sindingaphike pamoto, sindingayende ndekha kudzatenga mapiritsi mwezi ndi mwezi. Pakapezeka wachibale wokhala nane miyezi ingapo, alibe mawu. Akapanda kupezeka, alemba kalata yoti ndizikalandirira ku Ntcheu.

Ndafunsa za makutu. Ati chizungulire chimatha pang'onopang'ono, thupi limaphunzira. Makutu kawirikawiri sabwerera.

Ndalemba monga ananenera.

Lamulungu, 27 Okutobala

Ndawerenga achibale m'mutu. Sizinatenge nthawi.

Lachiwiri, 29 Okutobala

A Zebedee atuluka. Abale awo anabwera ambiri, akazi awo akuimba kuchokera pachipata. Ndinaona pakamwa pawo pokha, nyimbo sindinaimve bwino.

Asanapite anasankha mwala umodzi m'chibekete, waukulu, wa mizere yambiri.

"Uwu ndatenga. Ndikamangirira ku ukonde."

"Sunathe, a Longwe."

"Nsomba sizidziwa." Kenako anandigwira paphewa n'kukuwa kukhutu lakufa lija, ndiye sindikudziwa chimene ananena. Ndinangoti yewo.

Pabedi pawo aika mkulu wina wa ku Euthini amene sadziwa Chichewa ndipo amayang'ana kukhoma.

Lachinayi, 31 Okutobala

Mitambo yayamba kusonkhana cha kunyanja. Mvula ikagwa kamtsinje kadzadza, ndipo gudumu lizingozungulira lokha popanda chitini.

Ndayenda kuchokera pabedi mpaka pakhonde osagwira khoma.

Lachisanu, 1 Novembala

Achemwali, pempho langa ndi ili. Bwerani mudzakhale nane ku Msongwe mpaka chizungulire chithe, mwina mpaka Epulo.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Ndi nthawi yodzala, ndipo chichokereni alamu munda mumalima nokha. Mukausiya chaka chino mudya chiyani chaka chamawa? Ndaganiza. Ana a Marjorie, mwana wanu, akhoza kudzala mbali ya kumtunda yokha. Kuno kuseri kwa nyumba kuli dimba labwino m'mbali mwa kamtsinje, a Selina ankakololamo nyemba ndi chimanga, mukhoza kulimamo zimene mukufuna. Ku galaja ati malo anga andisungira, choncho ufa ndi sopo sizisowa. Nyumba ndi ya zipinda ziwiri, yosadontha. Adokotala atsimikiza kuti sindingakupatsireni, koma ngati mtima wanu ukukayika, kapu ndi mbale yanga zizikhala pazokha, sindidandaula. Chitumbuka musaope. Mukadziwa yewo mwadziwa theka, ndipo NyaGondwe ndi munthu wokoma mtima, za miyala ija musadzawauze.

Sindikubisirani. Si kuphika kokha kumene ndikukuitanirani. Ndikufuna kuyambiranso miyala ija, ndipo sindingathenso kumva chitini. Ndidzaika zonse ndekha, mchenga, madzi, lamba. Inu muzidzangoima pakhomo m'mawa n'kundiuza ngati chikuti waa kapena gogogo. Mudzaseka, ndikudziwa, a Zebedee anasekanso. Mukhoza kunena kuti munthu wamkulu sangasiyitse mlongo wake munda chifukwa cha miyala yosadyedwa. Mukatero simunalakwe. Koma a Boniface anandifunsa kuti chatsala n'chiyani, ndipo yankho limene ndinasowa pazenera lija ndi limeneli.

Mukavomera, tengani bulangete lokhuthala, kuno kumazizira ngakhale nthawi ya mvula. Khadi la chipani musaiwale, padepoti amafunsa. Mukatsika basi funsani chipatala cha mishoni, wodi ya amuna a chifuwa, zenera lachiwiri kuchokera kumpopi.

Mapepalawa ndapatsira a Jasper, dalaivala wa ku galaja, amene akupita ku Zomba mawa ndipo awasiya kusukulu kwa a Herbert. A Boniface ati ayenera kudziwa pofika Lachitatu pa 13 Novembala, kuti auze mwini lole ndi mphunzitsi wofuna nyumba uja. Kalata ya positi ikhoza kuchedwa. A Herbert, chonde tumizani telegalamu kuchipatala kuno m'dzina la asisitala a Hilda, mawu amodzi akwana.

Ngati yankho ndi ayi, lembani ayi yemweyo. Ndikwera lole, ndipo tikaonana sindidzatchulanso nkhaniyi. Koma lisafike tsiku limenelo musanayankhe, achemwali. Chete ndiye wandichulukira kale m'makutumu.